Thabwa Linabwerera M'mbuyo

Foni inalira makaniko ali chagada pansi pa galimoto ya kasitomala, akulimbana ndi nati yomwe inali itachita dzimbiri. Anaisiya kuti ilire. Italira kachitatu anadzikankha ndi zidendene, thabwa la matayala lomwe amagonera akamalowa pansi pa galimoto linamutulutsira panja, ndipo anayankha ndi kachala kakang'ono, kokhako komwe kanalibe girisi.

Anali mkazi wake. Moni panalibe. Anangoti abwere kunyumba pompano, Kamphepo wagwetsa mkazi wa butchala, ndipo mayiyo amutengera kuchipatala. Makaniko anafunsa kuti wamugwetsa bwanji. Mkazi wake anati anthu akuti wamugenda ndi thabwa lake lija, kenako anadula foni.

Anasiya sipanala pa simenti, anakhoma geti ya galaja osavula ngakhale ovolosi, n'kulowa m'kagalimoto kake kakale ka pikapu. Mkazi wa butchala anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera, ndipo aliyense wa mumpanda mwawo ankadziwa zimenezo, moti ngakhale chidebe cha madzi amayi anzake sankamulola kunyamula.

Kamphepo anali mwana mmodzi yekhayo wa makaniko, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wa ku sekondale. Dzinalo anamupatsa ndi anthu a mumsewu chifukwa cha sikeitibodi yomwe amalume ake anamugulira pa msika wa zinthu zakale, thabwa la timatayala tinayi lomwe munthu amaimapo n'kumatsetsereka. Linabwera lili lolira, timatayala tikukakamira. Makaniko yemweyo ndi amene anatha Lamulungu lathunthu akutitsuka ndi petulo, kuthira oilo, mpaka thabwalo linayamba kuyenda popanda n'phokoso lomwe la zitsulo. Tsiku limenelo ananyadira. Lero, ali pa chiwongolero, ankalakalaka akanalisiya lolira momwemo.

Chomwe chinkamudetsa nkhawa kwambiri chinali cha dzulo lake. Mumpanda mwawo munali nyumba zisanu, mpopi umodzi, ndi bwalo la simenti pakati. Kamphepo ankazungulira pabwalopo masana, mkazi wa butchala akufuna kupumula. Mayiyo anatuluka, anatola thabwalo n'kuliponya m'ngalande ya madzi otsukira mbale. Kamphepo analivuula, analipukuta ndi siketi yake, ndipo pamaso pa amayi onse a pampopi ananena liwu limodzi lokha: mudzaona. Makaniko atamva madzulo ake anamukalipira, n'kumuuza kuti akapepese. Mtsikanayo anati apita mawa. Mawa lake linali limeneli.

Pa msewu wolowera kwawo anapeza anthu akadali m'timagulu. Atangotsika, nkhani zonse zinaduka, maso ali pa iye. Pansi, pafupi ndi khonde la telala, panali tomato wophwanyika, jumbo yong'ambika ndi patapata imodzi. Telalayo, bambo wachikulire amene sankadziwika ndi mabodza, anaimitsa makina ake n'kumukodola.

Anafotokoza motsitsa mawu, ngati wolakwa ndi iye. Anati mtsikanayo anadutsa pa thabwa lake pang'onopang'ono, akulowera kumunsi. Mayi woyembekezera uja anali m'mbuyo mwake, mapazi ngati khumi, akuchokera kumsika. Telalayo anawerama kuti adule ulusi, ndipo podzutsa mutu anaona mtsikanayo ali m'mwamba, thabwa likuthamanga chobwerera, mpaka pa akakolo a mayiyo. Mayiyo anagwa cham'mbali, anakuwa kamodzi, kenako zii.

"Ine sindikuti wachita dala, amakaniko," anatero telala. "Koma chinthu chikamapita kutsogolo, mwini wake akatsika, chimapitabe kutsogolo. Ichi chinabwerera, ndiponso ndi liwiro loposa limene ankayendera. Ndiye anthu akufunsa kuti anachibweza ndani."

Makaniko anatembenuka kubwerera ku galimoto yake. Kumbuyo kwake mayi wina ananena mokweza, osayang'ana munthu, kuti mwanayo ananeneratu dzulo, ndipo onse anamva.

Kunyumba anapeza chitseko chokhoma dzuwa likuswa mtengo, makatani otseka. Mkazi wake anamutsegulira n'kukhomanso. Kamphepo anali atakhala pa bedi m'chipinda chake, akadali mu yunifolomu, mawondo onse atasupuka, magazi ataumira pa sokosi. Sankalira. Ankangofinya chala chachikulu cha dzanja lamanzere ngati akufuna kuchizula. Nsonga ya thabwa inkaoneka pansi pa bedi.

Makaniko anakoka mpando, anakhala moyang'anizana naye, n'kumuuza kuti anene zonse mmene zinachitikira, osachotsera kapena kuwonjezera.

Mtsikanayo anati njinga yamoto inatulukira m'kanjira ka pakati pa saluni ndi shopu ya utoto, osaimba hutala, ikulunjika pomwe iye ankapita. Kuima sakanatha. Anadumphira kutsogolo ndi mphamvu zake zonse, anagwera mawondo, ndipo njingayo inadutsa kumbuyo kwake, mphepo yake anaimva pa miyendo. Kenako anamva kukuwa. Wanjingayo sanaime. Mayi a Kamphepo anawonjezera kuti iwo afunsa kale mumsewu monse, palibe akukumbukira njinga imeneyo, chifukwa njinga zimadutsa pamenepo tsiku lonse.

"Unadumphira kutsogolo?" anafunsa makaniko.

"Kutsogolo, bambo."

Apo mtima wa makaniko unatsika pang'ono, chifukwa chinthu chimenechi ankachidziwa ndi thupi lake lomwe. Tsiku lina ku galaja anaimirira pa thabwa lake logonera lija kuti atenge chitini pa shelefu, ndipo potsika modumphira kutsogolo, thabwalo linathawira kumbuyo n'kukapinda chitseko cha galimoto ya kasitomala. Phazi likamakuponya kutsogolo limakhala likukankhira kumbuyo chomwe wapondacho. Pa nthaka suona kanthu, nthaka n'njolemera. Koma pa thabwa lopepuka, la timatayala tothira oilo, mphamvu yomwe yasuntha munthu wamkulu mapazi awiri okha imaliponya thabwalo ngati mwala wa pa legeni. Kamphepo anati ngakhale kusukulu anaphunzira zomwezo, kuti zomwe munthu watenga kupita kutsogolo thabwa limazibweza kupita kumbuyo, ndipo chopepukacho ndi chimene chimathamanga kwambiri. Ananena ndi mawu ouma, ngati akuyankha mayeso omwe alibe nawonso ntchito.

Bambo ake asanayankhe, chitseko chinagogodwa, osati ndi zala koma ndi chibakera.

Makaniko anatuluka n'kuchikoka kumbuyo kwake. Butchala anali ataima pabwalo, munthu wamkulu thupi, wosalankhulalankhula, amene anakhala naye khomo ndi khomo zaka zisanu ndi zitatu popanda kukangana. Anali akadali ndi epuloni yake yamagazi, chitsulo chonolera mipeni chikulendewera m'chiuno. Anabwera kudzatenga bulangete ndi khadi la kusikelo la mkazi wake. Maso ake anali psuu. Anthu a mumsewu aja anayamba kulowa pa geti, mmodzimmodzi, n'kumaima motsamira mpanda.

Makaniko anafunsa kuti amayi ali bwanji. Butchala anati mwendo wathyoka pa kakolo, koma mwendo si nkhani. Mwana sanasunthe chigwereni, ndipo akudikira makina oti amve ngati mtima ukugunda.

"Mutulutseni," anatero. "Ndikufuna andiuze yekha chomwe mkazi wanga anamulakwira chofika pamenepa."

Makaniko anayang'ana manja a munthuyo. Munalibe kanthu, koma ankafumbata ndi kufumbatula. Anati amupatse kamphindi kamodzi kokha, pali chinthu akufuna amuonetse, akatero aweruze yekha. Anaitana mkazi wake kuti amupatsire thabwalo pa windo. Litatuluka, anthu anang'ung'udza ngati watulutsa njoka.

Analiika pakati pa bwalo, nsonga yake italoza kwa butchala. Kumbuyo kwake, mapazi ngati khumi, kunali chitseko cha malata cha kubafa. Anauza amayi awiri amene anaima pafupi nacho kuti asunthe. Kenako anaponda. Chibadwire anali asanakwerepo, ndipo thabwalo linayamba kusewera pansi pa majombo ake, uku ndi uku, iye manja ali tambalale ngati munthu wowoloka pa mtengo. Wina anaseka, mnzake n'kumutontholetsa. Thukuta linatsika m'khosi mwa ovolosi. Anadziwa kuti likangopita kutsogolo pamodzi ndi iye, mwana wake watha.

Anapinda mawondo, anadumpha.

Iye sanapite patali. Anagwera zikhatho pa mapazi penipeni pa butchala, simenti n'kumusupula. Koma thabwa linachoka pansi pake ngati lachita kuwomberedwa, linadutsa bwalo lonse chobwerera, n'kukamenya chitseko cha malata chija, phokoso lake mpaka nkhunda za padenga zinauluka. Linagudubuzika, timatayala tili m'mwamba, tikuzungulirabe.

Telala, amene anaima pa geti tepi ili m'khosi, anagwedeza mutu n'kunena kuti ndi momwemo ndithu, ndi mmene analionera.

Makaniko anadzuka, akupukuta zikhatho pa ntchafu. Anati aliyense waona kuti phazi lake silinagende kanthu, iye wangodumpha basi. Ankalankhula mofulumira, mpweya ukuperewera, akufotokoza za kulemera kwa munthu ndi kupepuka kwa thabwa. Butchala anamusiya mpaka anamaliza. Anayang'ana chitseko chopindikacho nthawi yaitali.

"Ndaona," anatero. "Limabwerera. Inu mwakwera kamodzi ndipo mumadziwa. Ndiye kuti mwana wanu, amene amakwera tsiku ndi tsiku, amadziwa kuposa inu. Mwangondionetsa mmene anachitira."

Zomwe ananena munthuyo zinali zoona mbali imodzi, ndipo makaniko mwiniwake, pansi penipeni pa mtima, funso lomwelo linali litamulowa tsopano. Ankamudziwa mwana wake. Sanali wankhanza, koma anali wosunga zinthu kukhosi, ngati iye.

Loko analira kumbuyo kwake. Kamphepo anatuluka, mayi ake akumukoka malaya. Anaima pa sitepe, mawondo osupuka aja ali poyera. Makaniko anadziwa kuti ngati samufunsa iye, amufunsa butchala, ndiye anafunsa yekha, pamaso pa onse.

"Unkadziwa kuti amayi aja ali m'mbuyo mwako?"

Mumtima ankapempha kuti akane. Mtsikanayo anayankha momveka.

"Ndinkadziwa. Ndinawadutsa tisanafike pa saluni. Sindinawapatse moni chifukwa ndinali ndisanapepese, ndinachita manyazi. Koma njinga itatuluka sindinaganize za iwo, ngakhale za thabwa. Ndinangoona tayala lakutsogolo."

Anthu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. Ena ankati wavomera, ena ankati wabodza sakanavomera choncho. Butchala anasuntha phazi limodzi, ndipo makaniko anapezeka ataima pakati pa iye ndi mwana wake asanaganize n'komwe, chifuwa chake pafupi kugunda epuloni. Fungo la nyama linamulowa m'mphuno. Munthuyo ankamuposa ndi mutu wathunthu. Palibe wa pampanda paja anayandikira.

Foni ya butchala inalira m'thumba la epuloni. Anaitulutsa osachotsa maso pa makaniko. Anali mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, amene anatsala kuchipatala. Mawu ake ankamveka mpaka kwa makaniko: anamwino akufuna khadi lija tsopano, ndipo akufunsa kuti bambo wa mwana ali kuti.

Pa nthawi imeneyo ya tsiku minibasi ikanatha ola lathunthu. Makaniko anati galimoto ili panja. Butchala anamuyang'ana ngati wamutukwana. Kenako anatembenuka, analowa m'nyumba mwake, ndipo anatuluka ndi bulangete ndi khadi, epuloni atavula. Anakwera kutsogolo. Injini italira, makaniko anaona pa galasi Kamphepo akukwera kumbuyo, n'kukhala pa tayala la sipeya. Palibe anamuitana. Butchala nayenso anamuona pa galasi la mbali yake, koma anangotembenuzira nkhope kutsogolo.

Pa maloboti awiri anaima nthawi yomwe inkaoneka ngati chaka, butchala akupinda ndi kuwongola ngodya ya khadi lija mpaka inafewa. Makaniko ankayendetsa ndi nsonga za zala chifukwa zikhatho zinkatentha pa chiwongolero.

Kuchipatala namwino analandira khadi, anatenga butchala n'kulowa naye, chitseko chinatsekeka. Bambo ndi mwana wake anakhala pa benchi ya m'khonde, pakati pa gogo wina wotsokomola ndi mayi wa mwana womanga bandeji kumutu. Pansi panali ponyowa, pakununkha mankhwala okolopera. Anthu ankadutsa n'kumayang'ana ovolosi yamafutayo. Wotchi ya pakhoma inali yoima, komabe makaniko ankangoiyang'ana.

Patapita nthawi Kamphepo anafunsa, osadzutsa mutu, kuti mtima ukapanda kugunda chichitike n'chiyani. Makaniko anafuna kumuuza kuti ugunda, koma sanafune kumunamiza. Anati sakudziwa. Anaika dzanja pa khosi la mwana wake, ndipo analisiya pomwepo ngakhale anaona kuti girisi akudetsa kolala yoyera.

Anaitanidwa anthu atatu, anatuluka anayi. Gogo wotsokomola uja analowa n'kutuluka. Kenako chitseko chija chinatseguka, mlamu wa butchala anatuluka akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, ndipo makaniko anadzuka msangamsanga. Koma mayiyo atayandikira anati mtima wamveka, ukugunda bwino. Amugoneka masiku angapo kuti amuyang'anire, mwendo aumanga mawa. Ndiye anayang'ana Kamphepo n'kunena kuti achemwali ake akumufuna.

Analowa onse awiri. Mkazi wa butchala anali pa bedi la pafupi ndi windo, milomo itauma, mwendo uli pa pilo, lamba wa makina atazungulira mimba. M'kabokosi ka pambali munkatuluka kaphokoso kofulumira, ngati munthu akugogoda thebulo ndi chala osapuma. Butchala anali atakhala pa kampando, mutu uli m'manja. Sanadzuke.

Mayiyo ananena pang'onopang'ono kuti wawauza kale amuna ake, ndipo akufuna anenenso mwanayo akumva. Njingayo anaiona. Inali yofiira, itanyamula makatoni kumbuyo. Iye anatsegula pakamwa kuti akuwe, poganiza kuti mwana wa eni ake wapita, ndipo asanakuwe n'komwe anapezeka ali pansi. Kenako anatembenuzira maso kwa Kamphepo.

"Za lerozi sindikusungira, mwanawe. Ndaona ndi maso anga. Koma pamene ndinali pansi paja, ndikudikira kuti uyu asunthe, liwu lako la dzulo lija ndi lomwe linkalira m'mutu mwanga. Limenelo linditengera nthawi."

Kamphepo anagwada pa mawondo osupuka omwewo, anagwira chitsulo cha bedi, ndipo misozi yomwe anaisunga tsiku lonse inatuluka. Anapepesa kangapo, mawu akudukaduka. Mayiyo sanamugwire. Anangoti wamva, kenako anati watopa, n'kutembenukira kukhoma. Namwino anabwera kudzawauza kuti nthawi yoona odwala yatha.

Panja dzuwa linali litapendeka koma likadatentha. Makaniko anatsegula chitseko cha galimoto n'kuima, osadziwa ngati adikire kapena azipita. Butchala anatuluka pambuyo pake, anayenda mpaka pa galimotoyo, n'kuima mbali inayo, manja ali pa denga. Makaniko anadikira. Munthuyo anayang'ana zikhatho zosupuka zija, anayang'ana mtsikana amene anali atakwera kale kumbuyo. Pomaliza anati butchale anaisiya chitsegulire pamene ankathamanga, ndipo theka la ng'ombe likadali pa ngowe, silinalowe mufiriji.

Anapita konko. Anapeza mayi wa shopu yoyandikana atakokako chitseko n'kuikapo mwala, koma ntchentche zinali zitalowa kale. Butchala ananunkhiza nyamayo, anaidina ndi chala, n'kunena kuti ipulumuka akafulumira. Anapatsa Kamphepo nsanza ndi chidebe kuti atsuke thebulo, osamuyang'ana kumaso, ndipo mtsikanayo anayamba pomwepo. Butchala anakwera pa kabenchi kuti amasule ngowe, makaniko n'kulowetsa phewa pansi pa nthiti zozizirazo. Kulemera kwake kunamugwaditsa pang'ono.

"Gwirani apa, aneba," anatero butchala. "Apo pali mafuta, pakupulumukani."